Kachizindikiro ka Chijapanizi kakasowa pa Windows: mmene mungakabwezeretsere

Amene amalemba Chijapanizi pa kompyuta amazolowera kuponya diso kumunsi chakumanja kwa sikirini, pafupi ndi wotchi, pamene pamakhala kachilembo ka A kapena ka あ. Kachilemboko ndi kamene kamakuuzani ngati zomwe mulembe zituluka m'zilembo zathu zomwezi kapena m'hiragana, zilembo za Chijapanizi. Tsiku lina mumangopeza kuti palibe. Nthawi zambiri zimachitika Windows ikangomaliza kuyika zatsopano, kapena wina akayika pulogalamu yoti "ipepuze" kompyuta, kapenanso dzanja likangotsetsereka pa mawusi n'kudina pamene simunafune. Wophunzira amene akukonzekera mayeso a Chijapanizi a JLPT amasowa pogwira, chimodzimodzinso amene amangofuna kufufuza mawu omwe akuwoneka pa sikirini ya galimoto yochokera ku Japan.

Musathamangire kokafomatitsa kompyuta. Vuto limeneli kawirikawiri limakhala kabokosi kamodzi kochongedwa posayenera, kapena kapulogalamu kamodzi komwe sikanadzuke kompyuta itayaka. Tiyamba ndi zopepuka, zolemerazo zibwera kumapeto. Mayina a mabatani ndawasiya monga momwe amawonekera pa sikirini kuti muzitha kuwapeza ndi maso.

Dziwani kaye chimene chasowa

Chijapanizi chili ndi zilembo za hiragana 46, za katakana 46, ndiponso kanji 2,136 pa mndandanda wa zogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku umene boma la Japan linakonzanso mu 2010. Zonsezi sizingakwane pa kiyibodi. N'chifukwa chake pakati pa kiyibodi ndi tsamba pamakhala pulogalamu yotchedwa IME. Mukalemba nihongo, iyo imasandutsa mawuwo kukhala にほんご, ndipo mukadina Space imakupatsani 日本語. Ya Windows dzina lake ndi Microsoft IME.

Chisokonezo chimabwera chifukwa pali tinthu titatu tosiyana timene timasonyeza kuti IME ilipo, ndipo anthu onse titatuti amangotitchula dzina limodzi.

Koyamba ndi kachizindikiro ka pa taskbar, mzere wa kumunsi kwa sikirini uja. Kamalemba ENG mukakhala pa Chingerezi, ndipo mukasinthira ku Chijapanizi kamasonyeza A kapena あ pambali pa kachithunzi ka IME. Kanabwera ndi Windows 8 mu 2012 ndipo Windows imakatchula Input Indicator.

Kachiwiri ndi language bar, kamzere kakale ka masiku a Windows XP ndi Windows 7, kamene mumatha kukakoka n'kukayika paliponse pa sikirini. Kakadalipo mu Windows 10 ndi 11, kungoti n'kobisika.

Kachitatu ndi IME toolbar, kamzere katsopano koyandama kamene kanabwera ndi IME yatsopano mu Windows 10 version 2004, ya chaka cha 2020.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: koyamba ndi kachiwiri sikawonekera limodzi. Mukayatsa language bar, kachizindikiro ka pa taskbar kamachoka. Ndiye ngati language bar yomweyo inasankhidwa kuti ibisike, mumatsala opanda kalikonse, pamene IME ikugwira ntchito bwinobwino pansipansi. Ambiri amene amadandaula kuti zonse zasowa ali m'msampha umenewu.

Kuti mudziwe Windows imene muli nayo, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, kenako Enter.

Sitepe 1: yesani ngati IME ili moyo

Tsegulani Notepad n'kudina mkati mwa tsamba loyeralo kuti kamzere kolembera kaziphethira. Izi n'zofunika, chifukwa IME imadzuka pokhapokha pamene pali malo olembapo. Mukakhala pa desktop chabe, kachizindikiro kamatha kusonyeza × m'malo mwa A kapena あ, ndipo mukayika mawusi pamenepo kamanena kuti IME is disabled. Palibe chawonongeka. M'kabokosi kolembamo pasiwedi namonso IME imazimitsidwa dala.

Tsopano gwirani batani la Windows n'kudina Space. Pazituluka kamndandanda ka zinenero zimene zili pa kompyutayo. Pitirizani kudina Space mpaka mufike pa Japanese Microsoft IME, kenako siyani. Dinani Alt pamodzi ndi batani lomwe lili pansi pa Esc, kumanzere kwa 1, lija lokhala ndi chizindikiro cha `. Pa kiyibodi ya ku Japan batani la pamalo amenewo linalembedwa 半角/全角 ndipo limagwira lokha popanda Alt. Lembani nihongo.

Zotsatira zake ndi zimene zikuuzeni kolowera. Ngati patuluka にほんご yokhala ndi mzere pansi pake, IME ili bwino. Zili ngati galimoto imene nyale ya pa dashibodi yathima koma injini ikulira. Pitani ku sitepe 2 ndi 3 ndipo mwina muthera pomwepo. Ngati Japanese palibe n'komwe pa kamndandanda kaja, lumphani mupite ku sitepe 6. Ngati Japanese ilipo koma zikungotuluka zilembo za Chingerezi zivute zitani, kapena Windows ndi Space sizikuyankha, vuto lili pa sitepe 4 ndi 5.

Musanapitirire, yatsaninso kompyuta kamodzi posankha Restart. Osati Shut down. Windows 10 ndi 11 zili ndi fast startup, imene imasunga mbali ina ya zomwe zinali mkati mukasankha Shut down, mwakuti vuto limatha kugona ndi kompyuta n'kudzuka nayonso. Restart ndiye imayambira pachiyambi.

Sitepe 2: kabokosi ka language bar

Pa Windows 11 tsegulani Settings, pitani pa Time & language, kenako Typing, kenako Advanced keyboard settings. Pa Windows 10 njira yake ndi Settings, Devices, Typing, ndipo Advanced keyboard settings ili kumunsi kwa tsambalo.

Mupeza kabokosi kolembedwa Use the desktop language bar when it's available. Ngati ndi kochongedwa, n'chifukwa chake kachizindikiro ka pa taskbar kanachoka. Apa muyenera kusankha chimene mukufuna.

Ngati mukungofuna A ndi あ zibwerere pafupi ndi wotchi, chotsani chongicho. Kachizindikiro kabwerera nthawi yomweyo, osafunika kuyatsanso kompyuta. Kwa anthu ambiri ndimalimbikitsa njira imeneyi, chifukwa kachizindikiro ka pa taskbar sikaphimba ntchito yanu ndipo sikasochera.

Ngati mumakonda kamzere kakale kaja, siyani kabokosiko kochongedwa n'kudina Language bar options pansi pake. Patseguka kazenera kotchedwa Text Services and Input Languages, kamene kali ndi zosankha zitatu: Floating On Desktop, Docked in the taskbar ndi Hidden. Mukapeza kadontho kali pa Hidden, wapalamula ndi ameneyo. Sankhani Floating On Desktop, dinani Apply, kenako OK, ndipo yang'anani bwino m'mbali zonse za sikirini, makamaka kumtunda, chifukwa kamzereko n'kakang'ono. Pa Windows 10 mungathe kusankha Docked in the taskbar kuti kakhazikike kumunsi. Pa Windows 11 musalimbane nazo. Taskbar yake yatsopano silandiranso timizere totere, choncho koyandama ndi kokhako komwe mungadalire.

M'kazenera komweko muli kabokosi ka Show the Language bar as transparent when inactive. Kakachongedwa, kamzereko kamazilala mukakhala kuti simukukagwiritsa ntchito, ndipo pa chithunzi chowala cha desktop mutha kukadutsa osakawona. Chotsani chongicho. Chongani Show text labels on the Language bar kuti mabatani ake azikhala ndi mayina.

Pali chinanso chimene chimachitikira aphunzitsi ndi anthu a m'maofesi. Ngati munalumikiza laputopu ku pulojekita kapena ku sikirini yachiwiri n'kukokera kamzereko kumeneko, kamatha kutsalira "kunja" mukachotsa chingwe. Lumikizaninso sikirini ija, kokani kamzereko kabwerere pa sikirini ya laputopu, kenako muchotse chingwecho.

Mwina laputopu yanu munaigula yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan ndipo Windows yake yonse ili m'Chijapanizi. Zikatero fananizani maonekedwe a zilembo. Settings ndi 設定, Time & language ndi 時刻と言語, Typing ndi 入力, Advanced keyboard settings ndi キーボードの詳細設定. Kabokosi kaja kanalembedwa 使用可能な場合にデスクトップ言語バーを使用する, ndipo Language bar options ndi 言語バーのオプション. Mkatimo, 表示しない ndiye Hidden, pamene デスクトップ上でフロート表示する ndiye koyandama.

Amene mukadali pa Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 January 2020, kazenera komweka mukapeza kudzera pa Control Panel, Region and Language, Keyboards and Languages, Change keyboards, kenako Language Bar.

Pa Windows 10 pali kaswichi kena kapadera. Ngati kabokosi ka language bar sikochongedwa koma kachizindikiro sikakuwonekabe, pitani pa Settings, Personalization, Taskbar, kenako Turn system icons on or off. Pa mndandandawo pezani Input Indicator n'kuyatsa. Windows 11 ilibe kaswichi kameneka, musataye nthawi kukafunafuna.

Sitepe 3: IME toolbar

Ngati chimene chasowa ndi kamzere katsopano koyandama kaja, ntchito yake ndi ya masekondi. Dinani mkati mwa Notepad, sinthirani ku Chijapanizi, kenako dinani batani lakumanja la mawusi pa A kapena あ. Pa mndandanda umene utuluke pali mzere wa IME toolbar woyatsira ndi kuzimitsira. Dinani pamenepo.

Njira ina ndi kudzera m'makonzedwe a IME. Dinani Windows ndi R n'kulemba ms-settings:regionlanguage-jpnime, kenako Enter. Izi zimakufikitsani pa tsamba la Microsoft IME mwachindunji, osazungulira. Sankhani Appearance n'kuyatsa Use IME toolbar.

Ndinene chilungamo: kamzereka sikofunika kwenikweni. Pafupifupi zonse zimene kali nazo zimapezekanso mukadina batani lakumanja pa あ. Chachikulu mwa izo ndi IME Pad, kazenera kamene mumajambulamo kanji ndi mawusi ndipo iko kamakupatsani zilembo zofanana ndi zomwe mwajambulazo. Amene anagulapo galimoto ya ku Japan n'kupeza uthenga wachilendo pa sikirini ya wailesi, kapena zolembedwa pa pepala la okushoni, ndi amene amaidziwa ntchito yake, chifukwa kanji imene simudziwa katchulidwe kake simungailembe ndi kiyibodi. Mumaijambula, n'kuidina, n'kukaiyika mu dikishonale. Ngati IME Pad ndi chimene munali kufunira kamzereko, dziwani kuti sinapite kulikonse.

Ngati pa tsamba la IME simukupeza Use IME toolbar, mwina kompyutayo inabwezeredwa ku IME yakale. Pitani pa General, tsikirani kumunsi pa Compatibility, muwone Use previous version of Microsoft IME. Ikakhala On ndiye kuti mukugwiritsa ntchito yakale, yomwe ilibe toolbar yatsopanoyo. Apanso ndi nkhani yosankha. IME yakale imayendera limodzi ndi language bar, ndipo ndi imene imabweretsa mabatani onse amene anthu a nthawi ya Windows 7 amawakumbukira, kuphatikizapo CAPS ndi KANA. IME yatsopano imayendera limodzi ndi IME toolbar. Mukasakaniza, n'kuyatsa language bar pa IME yatsopano, mupeza kamzere ka mabatani ochepa n'kumaganiza kuti kawonongeka. Kaswichi ka IME yakale kamathandizanso pamene pulogalamu inayake yakale ikukana kulandira Chijapanizi kapena ikuwuma mukayamba kulemba; n'chifukwa chake Microsoft inakasiya pamenepo.

Sitepe 4: dzutsani ctfmon

Apa ndiye pali matenda enieni, pamene sikachizindikiro kokha kasowa koma kulemba Chijapanizi kwafa. Kumbuyo kwa IME, language bar ndi kiyibodi ya pa sikirini kuli kapulogalamu kotchedwa ctfmon.exe, kamene mu Task Manager kamawoneka ndi dzina lakuti CTF Loader. Kakapanda kudzuka, zonsezi zimagona. Chizindikiro china chodziwira ndi chakuti kabokosi kofufuzira ka pa Start nako kamakana kulandira zilembo, ngakhale za Chingerezi, pamene mu Word kapena mu Chrome mukulemba bwinobwino.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Yang'anani CTF Loader pa mndandanda wa Processes, kapena ctfmon.exe pa Details. Ngati palibe, dinani Windows ndi R, lembani ctfmon.exe, kenako Enter. Palibe zenera limene litseguke, ndiye musadabwe. Bwererani ku Notepad mukayesenso.

Ngati ilipo koma zinthu sizikuyenda, dinani batani lakumanja pa CTF Loader n'kusankha End task. Nthawi zambiri Windows imaidzutsanso yokha; ikapanda kutero, idzutseni nokha monga tanenera. Muli momwemo, pezani Windows Explorer pa Processes, dinani batani lakumanja n'kusankha Restart. Taskbar izima kanthawi kochepa n'kubweranso, ndipo kawirikawiri imabwera ndi kachizindikiro kake.

Chenjezo limodzi lalikulu. Pa intaneti pali masamba amene amakuuzani kuti mudawunilode ctfmon.exe "yatsopano". Musayerekeze. Yeniyeni imabwera ndi Windows ndipo imakhala mu C:\Windows\System32, ina mu SysWOW64. Opanga mavairasi amakonda kubwereka dzina limeneli chifukwa anthu analizolowera. Mukaiwona mu Task Manager, dinani batani lakumanja n'kusankha Open file location. Ikakufikitsani mu Downloads, mu Temp kapena mufoda ina yachilendo, sikanani kompyuta yonse ndi antivairasi musanachite china chilichonse.

Sitepe 5: ngati vuto limabwerera kompyuta ikayakanso

Kulemba ctfmon.exe m'mawa uliwonse si mankhwala. Pali zinthu ziwiri zimene zimayenera kudzutsa kapulogalamuka zokha, ndipo mapulogalamu "opepuza" kompyuta aja amakonda kuzimitsa zomwezo, poganiza kuti n'zosafunika kwa munthu amene alibe sikirini yokhudza ndi chala. Makope a Windows odulidwadulidwa amene ena amayika pa malaputopu akale nawonso amabwera zinthuzi zili zozimitsidwa kale.

Choyamba chili mu Task Scheduler. Dinani Windows ndi R, lembani taskschd.msc. Kumanzere tsegulani Task Scheduler Library, kenako Microsoft, kenako Windows, n'kutsika mpaka pa TextServicesFramework. Pakati pawoneka ntchito yotchedwa MsCtfMonitor. Ngati pa Status palembedwa Disabled, dinani batani lakumanja n'kusankha Enable, kenako dinaninso n'kusankha Run. Ntchito imeneyi inakonzedwa kuti izidzuka munthu aliyense akangolowa mu Windows.

Chachiwiri chili mu Services. Dinani Windows ndi R, lembani services.msc. Pa Windows 10 pezani Touch Keyboard and Handwriting Panel Service. Dzinali limanamiza, chifukwa limamveka ngati la matabuleti okha, pamene kulemba kwa IME kumadaliranso pomwepo. Dinani kawiri, ndipo ngati Startup type ili pa Disabled isinthireni ku Manual kapena Automatic, dinani Apply, kenako Start. Pa Windows 11 ya masiku ano dzina lake ndi Text Input Management Service. Onetsetsani kuti palembedwa Running. Mukatero chitani Restart.

Ngati MsCtfMonitor kulibiretu, pali chigamba chosavuta. Dinani Windows ndi R, lembani shell:startup. Patseguka foda ya zinthu zimene zimadzuka mukangolowa. Dinani batani lakumanja pamalo opanda kanthu, sankhani New, kenako Shortcut, n'kulemba C:\Windows\System32\ctfmon.exe. Malangizo ambiri amakutumizani ku registry, kaundula wa makonzedwe a Windows, kuti mukalembe zomwezi pa Run. Zimagwira, koma ine sindiwona chifukwa cholowera ku registry pamene foda ya startup ikuchita ntchito yomweyo, ndipo mukalakwitsa mumangofufuta shortcut basi.

Sitepe 6: Chijapanizi chenichenicho chinachotsedwa, kapena chinalowa mwatheka

Kachizindikiro ka zinenero sikawonekera pa kompyuta imene ili ndi chinenero chimodzi ndi kiyibodi imodzi, chifukwa palibe chosinthira. Ndiye ngati Japanese inachoka pa mndandanda, kachizindikiro nako kamapita.

Dinani Windows ndi R, lembani ms-settings:regionlanguage. Pa Preferred languages yang'anani 日本語 kapena Japanese. Ngati palibe, dinani Add a language, lembani Japanese, kenako Next. Patuluka timabokosi tingapo. Onetsetsani kuti ka Set as my Windows display language sikochongedwa, apo ayi Windows yonse isanduka ya Chijapanizi mukadzalowanso. Language pack, Text-to-speech, Speech recognition ndi Handwriting sizofunika kuti muzilemba. Zichotseni ngati data ndi yochepa. Chofunika ndi Basic typing, yomwe imalowa yokha.

Ngati Japanese ilipo, tsegulani Language options zake, zomwe pa Windows 10 zimangotchedwa Options. Onani zinthu ziwiri. Pansi pa Keyboards payenera kukhala Microsoft IME. Ngati palibe, dinani Add a keyboard n'kuisankha. Ndipo pa Basic typing payenera kusonyeza kuti inalowa. Mukawona batani la Download pamenepo, kapena Windows ikamakuuzani kuti Japanese IME is not ready yet, ndiye kuti madikishonale a IME sanatsike onse. Zikatero hiragana imatha kutuluka koma Space osabweretsa kanji.

Kwathu kuno izi zimachitika kawirikawiri chifukwa ambiri timalumikiza laputopu ku hotspot ya foni. Bandulo ikathera pakati, kapena netiweki ikaduka, kudawuniloda kumaima. Komanso Windows ikadziwa kuti intanetiyo ndi yowerengera, imene imaitchula metered connection, imadikira osatsitsa zinthu zotere. Pitani pa Settings, Network & internet, Wi-Fi, tsegulani Properties za netiweki imene mwalumikizayo n'kuzimitsa Metered connection, kenako bwererani mukadine Download. Zikangotha, kayatseninso Metered connection msanga, chifukwa mukaisiya yozimitsidwa Windows Update idya bandulo yonse musanazindikire. Ngati pali pamene mungapeze Wi-Fi yosawerengera, kachitireni kumeneko.

Zonse zikawoneka kuti zilipo koma IME ikukanabe, chotsani Japanese podina Remove, chitani Restart, n'kuiyikanso mwatsopano. Muchite izi pokhapokha muli ndi intaneti yodalirika, chifukwa mukachotsa n'kulephera kutsitsanso, mutsala pabwalo.

Pa kompyuta ya ku ofesi kapena ya kusukulu, kudawunilodako kumatha kukana n'kupereka nambala 0x800f0954. Nambalayi imatuluka pamene kompyuta inakonzedwa kuti izitenga zatsopano ku seva ya bungwelo osati ku Microsoft, ndipo sevayo ilibe mafayilo a zinenero. Pamenepo si panu. Lembani nambalayo mukapereke kwa a IT.

Kachizindikiro kabwera, koma zolemba zikutuluka zachilendo

Pokonzakonza anthu amadina zambiri, ndipo zina zimasintha osadziwa. Zitatu izi ndi zimene zimabwera pafupipafupi.

Mukadina A pakutuluka ち, mukadina K pakutuluka の. Mwalowa mu kana input, kalembedwe kamene batani lililonse limayimira chilembo chimodzi cha hiragana monga zinasindikizidwira pa kiyibodi ya ku Japan. Dinani batani lakumanja pa あ, pezani Kana input n'kuzimitsa, kuti mubwerere ku romaji, kalembedwe kogwiritsa ntchito zilembo zathu zomwezi.

Zizindikiro zasinthana malo: Shift ndi 2 ikupereka " ndipo @ akutuluka pa batani la kumanja kwa P. Apa Windows ikuganiza kuti muli ndi kiyibodi ya ku Japan ya mabatani 106 kapena 109. Mu Language options za Japanese pezani pamene palembedwa za keyboard layout, dinani Change layout, sankhani English keyboard ya 101/102, kenako Restart. Ngati laputopu ndi ya ku Japan ndithu, yokhala ndi mabatani a 変換 ndi 無変換 m'mbali mwa Space, sankhani Japanese keyboard ya 106/109. Amene muli ndi malaputopu ochokera ku UK, dziwani kuti 101/102 imeneyi imatsatira kiyibodi ya ku America, choncho mukakhala mu IME chizindikiro cha @ chizipezeka pa Shift ndi 2 ngakhale pabatanipo panalembedwa zina. Mukabwerera ku ENG zimabwerera m'malo mwake.

Mukachoka mu Word kupita mu Chrome, Chijapanizi chikusanduka ENG chokha. Bwererani pa Advanced keyboard settings paja, muchotse chongi pa Let me use a different input method for each app window. Kabokosika kakachongedwa, zenera lililonse limakumbukira chinenero chakechake. Ena amakakonda dala, makamaka omasulira amene amalemba Chijapanizi m'zenera lina ndi Chichewa m'linzake. Komanso Alt yakumanzere ndi Shift zikadinidwa pamodzi zimasintha chinenero, ndipo zimenezi zimachitika mwangozi kwa olemba mothamanga. Mungazimitse pa Input language hot keys pa tsamba lomwelo.

Pamene mukudikira kuti zonse zikhale m'malo, mabatani okha amakwanira kulembera. Ctrl ndi Caps Lock imakuyikani pa hiragana, Alt ndi Caps Lock pa katakana. Mawu akadali ndi mzere pansi, F6 imawasandutsa hiragana, F7 katakana, F8 katakana yopyapyala ya theka, F9 zilembo za Chingerezi zotambalala, F10 zilembo za Chingerezi wamba. Pa malaputopu ambiri muyenera kugwiranso Fn kuti mabatani a F amenewa amve. F7 ndi imene mudzaigwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa mayina akunja amalembedwa m'katakana: lembani maraui, dinani F7, mupeza マラウイ.

Zonse zikakanika

Yesani kaye kudziwa ngati vuto lili mu Windows yonse kapena mu akaunti yanu yokha. Pangani akaunti ina pa Settings, Accounts, pamene pali Other users, lowani nayo, yikani Japanese n'kuyesa mu Notepad. Ikagwira kumeneko, ndiye kuti makonzedwe a akaunti yanu yakale ndi amene anasokonekera, ndipo kusamutsira mafayilo ku yatsopanoyo n'kopepuka kuposa kufomata.

Ikakananso kumeneko, mafayilo a Windows ndi amene ali ndi vuto. Dinani batani lakumanja pa Start n'kusankha Terminal kapena PowerShell yokhala ndi mawu akuti Admin. Lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth n'kudina Enter. Imafuna intaneti, ndipo imatha kuwoneka ngati yaima pa nambala imodzi kwa nthawi yaitali. Isiyeni, ndipo laputopu ikhale pa chaja. Ikamaliza lembani sfc /scannow, dikirani ifike 100%, kenako Restart. Ngati ctfmon.exe inawonongeka kapena kufufutidwa, njira yoyenera yoibwezeretsera ndi imeneyi.

Ena amalangiza kungoyika Google Japanese Input, IME yaulere imene Google inatulutsa mu 2009, kapena ATOK ya kampani ya JustSystems, yomwe ndi yolipira. Ya Google ndi yabwino ndithu, makamaka pa mayina a anthu ndi a malo, ndipo imathandiza ngati chavuta ndi madikishonale a Microsoft IME. Koma nayonso imadalira ctfmon yomweyo ndipo imawonekera pa kachizindikiro komweko. Ngati vuto lanu lili pa sitepe 2, 4 kapena 5, kuiyika sikusintha kanthu.

Amene muli pa Mac nkhani yanu ndi yaifupi. Tsegulani System Settings, Keyboard, dinani Edit pa Input Sources, onetsetsani kuti Japanese ili pa mndandanda, n'kuyatsa Show Input menu in menu bar. Kachizindikiro kawonekera kumtunda chakumanja, ndipo Control ndi Space ndi imene imasintha chinenero.